Msana wa Nei Tearei

Chaka chimene nyanja inalowa m'mudzi mwezi wa Febuluwale, Tearei ankayamba tsiku lililonse ndi kulawa madzi a m'dzenje lake la babai. Ankatsika pang'onopang'ono, n'kukhudza pamwamba pa madziwo ndi chala, n'kuchiika palilime. Akatero ankamiza dzanja mpaka m'chigongono n'kulawanso. Pamwamba madzi anali abwino, koma pansi unali mchere wokhawokha.

Babai ndi koko wamkulu uja wa m'madzi, amene masamba ake amaposa munthu kutalika. Pachilumba chathu palibe dothi loti n'kulimapo, ndi mchenga ndi miyala basi, choncho makolo athu anakumba maenje mpaka kupeza madzi abwino n'kumadzala m'menemo. Chaka chimenecho maenje onse a m'mudzi anasanduka achikasu. Ukadutsa pafupi unkamva fungo la zoola. Koma dzenje la Tearei linali biriwiri ngati kuti nyanja inalilambalala mwaulemu.

Nyanjayo tisainamizire zonse. Inde ikukwera, aliyense akuona, ngakhale manda a kugombe anakokoloka. Koma kale madzi akachuluka ankadutsa pampata wa pakati pa chilumba chathu ndi chinzake. Boma linatseka mpatawo ndi msewu wa miyala kuti thirakitala izidutsa ndi kokonati wouma. Thirakitalayo inayenda zaka ziwiri n'kufa, msewu n'kutsala, ndipo madzi posowa podutsa anayamba kubwera kwa ife. Phungu wathu analonjeza khoma loteteza mudzi. Linamangidwadi, kutsogolo kwa tchalitchi cha anthu amene anamuvotera, ndipo simenti inathera pomwepo. Madzi akagunda khomalo ankakhotera kwa Akatolika, n'kuzungulira kumbuyo, n'kukalowanso kwa eni khoma omwewo. Nyanja sinkafunsa kuti munthu amapemphera kuti.

Sitima ya katundu yochokera ku Tarawa, likulu la dziko lathu, inali itatha miyezi itatu osaoneka. M'sitolo munatsala sopo ndi machesi. Anthu ankadya nsomba ndi kokonati m'mawa, kokonati ndi nsomba madzulo.

Aliyense ankadziwa chifukwa chimene dzenje la Tearei silinafe. Bambo wake, malemu Ten Baraniko (kwathu Ten ndi ulemu wa mwamuna, Nei wa mkazi), anali ndi kadyetsedwe kawo ka babai, ndiko kuti kathiridwe ka manyowa, ndipo anakasiya kwa iye yekha. Mlongo wake Uriam nthawi imeneyo anali pantchito m'sitima za kunja, choncho mkuluyo atamva kuti mphamvu zikutha anaitana mwana wamkazi n'kumuonetsa zonse, atamulumbiritsa kuti luso limeneli silituluka m'banja. Kwathu kuno banja lililonse lili ndi chake chobisa. Ena amadziwa kusema bwato losapendekeka, ena kuwerenga mafunde, ena kuongola fupa lothyoka. A kwa Baraniko analibe malo ambiri, analibe ngakhale bwato, koma pa phwando lililonse la mu maneaba, nyumba yaikulu yosonkhaniramo mudzi, babai wawo ndiye ankaposa onse. Zinali choncho kwa zaka makumi anayi.

Mlangizi wa zaulimi anabwera pandege ndi kope lake kudzafunsa. Tearei anamuyalira mkeka, anamuotchera nsomba, anamupatsa uchema wozizira, ndipo atafunsidwa za dzenje anayankha kuti, "Ndi Mulungu ameneyo, bambo." Mlangiziyo analemba zimenezo n'kubwerera.

A m'mudzi sankafunsa n'komwe. Kwathu munthu akanena kuti bubuti, nkhani yatha, chimene wapemphacho umupatse. Angakupemphe malaya amene wavala, njinga, ngakhale mwana kuti akamulere, ndipo kukana ndi manyazi osatha. Koma luso la banja la eni silipemphedwa. Wolipempha amasekedwa mpaka zidzukulu zake.

Tsiku lina pobwera kodula masamba, Tearei anadutsa pa dzenje la Nei Kautu n'kumupeza ali m'menemo, matope mpaka m'chiuno. Awiriwa anakulira limodzi ndipo ankapikisana kuyambira ali ana, pa kuvina, pa kuluka mikeka, ndipo koposa zonse pa babai. Kautu ankakhala wachiwiri chaka ndi chaka, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Tsiku limenelo anali akuzula babai amene anamudyetsa zaka zisanu ndi zitatu, womusungira ukwati wa mwana wake. Atamukoka anangophwanyikira m'manja, phala lakuda lonunkha.

"Wabwera kudzaseka, mfiti iwe?" anatero Kautu osatukula mutu. "Seka msanga, ndili ndi ntchito."

"Ndikungodutsa."

"Dutsa ndithu. Ukadye babai wako wekha mpaka akutulukire m'makutu. Ife sitima ikabwera tikukwera. Mwana wanga wapeza kachipinda ku Tarawa."

"Kachipinda kamodzi, anthu asanu ndi anayi? Muzikagona choimirira?"

"Nanga pano tikudya chogona?" Kautu anapukuta nkhope ndi mkono, matope n'kumupaka patsaya. "Mphukira zomwe zafa, Tearei. Ngakhale mvula itagwa mawa, ndidzala chiyani?"

Tearei anapitiriza ulendo ndi mtolo wake pamutu, koma mawu aja a mphukira anamukhala pamtima. Babai akafa ndi mphukira zake, dzenje latha. Mabanja atatu anali atanena kale zokwera sitima, la Kautu linali lachinayi. Anawerenga m'mutu nyumba zotsala, ndipo anachita mantha.

Masana omwewo anapita kwa mlongo wake. Anawapeza a Uriam akunola mpeni wawo wogomera uchema.

"Achimwene, mudzi ukutha," anatero atakhala pansi. "Ndikufuna ndiwaonetse amayiwa."

A Uriam anasiya kunola. "Uwaonetse chiyani?"

"Mukudziwa."

"Ine sindikudziwa kanthu, iwe. Ine mwana wamwamuna woyamba, bambo sanandiuze, ndipo sindinakufunsepo tsiku ndi limodzi lomwe. Ndinalemekeza. Lero ukufuna ukapatse Kautu, amene amatitukwana pachitsime?"

"Akachoka onse, babai wamkuluyo tizikamuonetsa kwa ndani? Kwa nkhanu?"

"Amene anatseka mpata ndi boma. Amene anamanga khoma la theka ndi phungu. Akonze iwowo. Bwanji zolakwa za eni zilipidwe ndi chuma cha bambo athu?" Anaika mpeni pansi. "Ndayenda maiko, mlongo wanga. Munthu wopanda chake chimene ena alibe, samuwerengera. Tikapereka ichi, mu maneaba tidzakhala ndani?"

Tearei anadziwa kuti mlongo wake sakunama. Iyenso ankaukonda ulemu umene uja, kuona amuna anayi akubuula ndi babai wake pamapewa anthu akuwomba m'manja. Anabwerera kwake osatsutsa. Vuto linanso linali lakuti ngakhale akanafuna kupereka, panalibe akanalandira. Kupita kwa Kautu n'kunena kuti bwera ndikuphunzitse kunali kumutukwana kuti ndi wopemphetsa, ndipo Kautu akanasankha kufa ndi njala. Anaganiza masiku awiri.

Tsiku lachitatu m'mawa anthu anaona Tearei akuyenda pamsewu wa pakati pa mudzi atamanga nsalu m'chiuno, ndodo kumanja, akutsimphina. Mayi amene dzulo lake anasenza chipika cha kokonati yekha! Anafika pakhomo pa Kautu n'kuima akubuula.

"Nei Kautu, bubuti."

Kautu anasiya kupala kokonati. "Ukufuna chiyani? Mchere? Tili nawo wambiri m'dzenje."

"Msana wanga wagwa. Babai wanga akufuna kudyetsedwa sabata ino, apo ayi afa. Bubuti, ukandigwirire ntchito m'dzenje mwanga."

Kulowa m'dzenje la mwini n'kosaloledwa, ngakhale kusuzumiramo anthu amakuyesa wakuba. Kautu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali.

"Msana umenewu wayamba liti?"

"Usiku."

"Ukupweteka mbali iti?"

"Yonse. Ukana?"

"Wandipempha pamaso pa ana anga, ndikana bwanji? Nkhalamba yaulesi iwe." Anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso, akuti utsi.

Tearei sanalekere pomwepo. Anatsimphina mpaka kwa amayi a Chikatolika, n'kubwereranso kwa a tchalitchi cha khoma, anthu amene chithere chisankho sankabwerekana ngakhale moto. Khomo lililonse mawu anali omwewo. Pofika kumapeto kwa mudzi anali ataiwala mwendo umene anayamba nawo kutsimphina, ndipo mayi wina anamukumbutsa mwaulemu kuti m'mawa unali wamanzere.

Anabwera amayi khumi ndi anayi. Anaima m'mphepete mwa dzenje m'magulu awiri, osayang'anana. Tearei anadziyalira mkeka pamthunzi n'kuyamba kulamula ngati mwini sitima.

"Lowani pang'onopang'ono! Musavundule madzi! Iwe, ukuyenda ngati nkhumba yothawa mpeni. Madzi abwino amakhala pamwamba, amchere pansi. Mukawasakaniza mwandiphera mbewu."

Amayiwo anayang'anana koyamba. Onse moyo wawo wonse ankalowa m'maenje mwawo chothamanga.

Aliyense kwathu amadziwa kuluka dengu lopanda pansi lozungulira tsinde la babai n'kuthiramo manyowa. Koma amayiwo atafika pafupi anaona kuti madengu a Tearei ndi awiri, lina pamwamba pa linzake. Lapansi linali lodzaza makoko a kokonati ndi zipika zofumbwa, ndipo mbewuyo inakhala m'lapamwamba, mizu yake ikumwa madzi a pamwamba okha. Ten Baraniko anaziganiza zimenezi kalekale pa chilala china, madzi a pansi atawawa.

"Makoko muwagoneke chafufumimba. Tsopano masamba a uri, kenako dothi lakuda la pansi pa mtengo womwewo, osati la kwina. Kautu, masamba a kaura amenewo ndi aawisi, ukufuna kundiotchera babai? Amayamba auma masiku atatu. Ndipo sakhudza tsinde, uwaike m'mphepete. Ndikanakhala ndi msana ndikanachita ndekha, anthu osamva inu."

Panalibe amene anafunsa funso. Onse ankagwira ntchito nkhope zili pansi ngati sakuona kanthu, koma Tearei ankaona milomo ya Kautu ikuyenda, kuwerenga kuti masamba angati, dothi manja angati. Mayi wina wamutu wouma analakwitsa katatu, ndipo Tearei anamubwerezetsa katatu, akudandaula kuti anthu a masiku ano sathandiza wodwala ndi mtima wonse. Pofika tsiku lachinayi magulu awiri aja anali atasakanikirana, chifukwa dengu lapamwamba silikwezedwa ndi munthu mmodzi, ndipo m'matope simuoneka kuti uyu ndi wa mpingo uti.

Pomaliza Tearei anati, "Kwathu wothandiza sabwerera chimanjamanja. Ndalama ndilibe. Aliyense azule mphukira zisanu." Dzenje linatsala ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

A Uriam anabwera madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Anapeza Tearei akuwaza nkhuni, nsalu ya m'chiuno ija ili poteropo.

"Msana wapola?"

Tearei anaika nkhwangwa pansi. "Sunadwalepo, achimwene."

"Ndiye ukandiuza kuti sunaphwanye lumbiro chifukwa unangolamula antchito?"

"Ayi. Ndaphwanya. Ndawaphunzitsa dala, ndipo ndikudziwa chimene ndachita. Bodza la msanali linali loti iwo asachite manyazi, osati loti ine ndibisalemo. Bambo ndikakawapeza ndikayankha ndekha."

A Uriam anayembekezera kuti akana, ndipo kuvomera kwakeko kunawapweteka koposa. Anatembenuka n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo chikho cha uchema chimene ankamutumizira m'mawa uliwonse chinaleka kubwera. Akakumana panjira ankayang'ana kunyanja. Tearei zinamuwawa kwambiri, pakuti anali awiri okha obadwa mimba imodzi, ndipo masiku ena ankalira ali yekha m'dzenje. Koma sanapite kukapepesa.

Sitima inabwera mwezi wotsatira. Mabanja awiri anakwera, awiri anatsala, ndipo la Kautu linali limodzi mwa otsalawo. "Ndikufuna ndione kaye ngati mphukira za mfitiyi zili ndi moyo," anatero pachitsime. Zinali nawo. Amayi khumi ndi anayi aja nawonso anayamba kudwala misana mmodzimmodzi, n'kumapempha abale awo kuti akawathandize. Nyanja inalowanso kawiri zaka zotsatira, inapha babai wina, koma wambiri anapirira.

Chisankho chitayandikira phungu anatulukira. Ataona maenje obiriwira analankhula mu maneaba kwa maola awiri za chitukuko chimene iye anabweretsa, ndipo anyamata ake anakhoma chikwangwani chachikulu cha dzina lake pafupi ndi dzenje la Tearei. Anthu anakwiya, ena anati achigwetse. Tearei anati achisiye. Mphepo itachigwetsa yokha anachitenga, ndipo mpaka lero amayanikapo masamba a kaura. Amati malata ake amaumitsa bwino, ndi chinthu chokhacho cha phunguyo chimene chinagwirapo ntchito.

Patatha zaka zisanu mudzi unafolera maneaba denga latsopano, ndipo panakonzedwa phwando. Mabanja anakhala aliyense pamalo pa makolo ake. A Uriam anakhala kutsogolo kwa malo a kwa Baraniko, Tearei kumbuyo kwawo, osalankhulana. Babai anayamba kulowa, womangidwa pamitengo, amuna akubuula. Wa Tearei analowa ndi amuna anayi, ndipo anthu anawomba m'manja monga mwa masiku onse. Kenaka kunja kunamveka phokoso. Wa Kautu analowa ndi amuna asanu ndi mmodzi.

Akuluakulu anayeza ndi chingwe kawiri, ngakhale panalibe chifukwa choyezera. Aliyense anali ndi maso.

Tearei ankaganiza kuti anakonzeka, koma ayi ndithu. Pamene dzina la banja la Kautu linkatchulidwa, anamva ngati wina wamulanda mwana m'manja. Anayang'ana msana wa mlongo wake, wowerama, tsitsi la imvi, ndipo anadziwa kuti mawu awo aja akwaniritsidwa: mu maneaba tidzakhala ndani? Kautu anavina mpaka pakati pa bwalo, akugwedeza chiuno kuloza kwa iye, anthu akufa ndi kuseka. Tearei anawomba nawo m'manja misozi ili m'maso. Anayang'ananso nyumba yonseyo, yodzaza mpaka kunja, ana akulimbirana malo, ndipo anapitiriza kuwomba.

Chinamuvutitsa china pobwerera kunyumba. Iye anawapatsa zonse zimene ankadziwa, osabisako kanthu. Nanga Kautu anamuposa bwanji ndi mbewu ya zaka zisanu zokha?

M'mawa mwake akusesa pakhomo anamva kubuula kumsewu. Anali Kautu, nsalu m'chiuno, ndodo kumanja, akutsimphina moti ngakhale nkhuku zinaima kumuyang'ana. Sanalowe kwa Tearei. Anapitirira mpaka pakhomo loyandikana nalo, pamene a Uriam ankatsuka zikho zawo za uchema.

"Ten Uriam, bubuti. Ndi iwenso mfiti iwe, bwera kuno umve. Msana wanga wagwa."

"Dzulo mumavina ngati mtsikana," anatero a Uriam.

"N'chifukwa chake wagwa. Babai wanga akufuna kudyetsedwa. Agogo anga anali ndi kanthu kawo kamene amathira m'dengu, kochokera kugombe. Pakokha sikankatha kulimbana ndi kwa Baraniko, koma pamwamba pa madengu awiri aja, mwaona nokha dzulo. Ine sindingathe kuwerama. Mukandithirire inu awiri."

Tearei anasiya kusesa. Kautu, amene sankagawira munthu ngakhale nyambo ya nsomba!

"Abale anu akudziwa?" anafunsa a Uriam.

"Akudziwa, ndipo sakundilankhula. Adzatopa okha."

A Uriam anaika chikho pansi. Mwamuna wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mwana wa katswiri wa babai, anali asanaphunzitsidwepo kanthu ndi munthu aliyense za m'dzenje.

"Matenda amenewa ndi opatsirana," anatero potsiriza. "Ukupweteka mbali iti?"

"Funsani mlongo wanu, ndiye anawabweretsa m'mudzi muno."

A Uriam anatsanulira uchema m'chikho chimodzi. Anadutsa mpanda n'kumupatsa Tearei m'manja, osamuyang'ana kumaso.

"Imwa msanga," anatero. "Ukandionetse kalowedwe kake, ndingakavundule madzi a eni."